Nkhope ya Mrunal Imene Sinaoneke

Panali munthu wina mumzinda wa Pune, dzina lake Omkar Bhalerao, amene ankapanga masamba a pa intaneti. Nkhaniyi anandiuza ndi mayi wina amene timapemphera limodzi, ndipo iwo anaimva kwa amalume ake a Omkar. Ndikuilemba monga anandiuzira, sindinawonjezepo kanthu.

Munali mu 2006. Mlongo wake wa Omkar, Mrunal, anali atafika zaka 29 asanakwatiwe. Mabanja anayi anali atabwera kudzamuona n'kumukana kale, ati nyenyezi zake zobadwira sizinkagwirizana ndi za ana awo. Kenako amalume anapeza banja lina ku Barshi, lokhala ndi mwana wamwamuna, Sudhir, mphunzitsi wofatsa. Nyenyezi zinagwirizana. Chinangotsala n'chakuti banjalo lione chithunzi cha mtsikana, likakondwa libwere kudzamuona.

"Positi imachedwa," anatero Omkar. "Ndimupangira tsamba lakelake, adziwe kuti kuno sitigona."

Anaika chithunzi cha Mrunal, ndipo pamwamba pake anasanjikapo chithunzi china cha nkhata ya maluwa achikasu, pakati pake poonekera ngati galasi, kuti nkhope izionekera m'kati mwa maluwawo. Pa kompyuta yake zinakongola kwambiri.

A Pendse, bambo wachikulire wa mu ofesi yomweyo, anaima kumbuyo kwake.

"Mwanawe, wayesa pa kompyuta yakale ili pakona ija? Pulogalamu yakale yotsegulira intaneti sidziwa galasi. Malo oonekera iyo imapakapo phulusa. Ikamo timizere ta pulogalamu tokonzera tija, apo ayi phatikiza maluwa ndi nkhope chikhale chithunzi chimodzi."

"Madala, kompyuta imeneyo inafa, yangotsala kukaiwotcha kumtsinje ngati mtembo. Akuigwiritsabe ntchito ndani?"

"Aliyense kunja kwa ofesi ino. Ndiponso maluwa pa chithunzi cha munthu wamoyo, ine sindikanayerekeza."

"N'zokongoletsa chabe. Pitani mukamwe tiyi, wazizira."

Omkar anatumiza tsambalo tsiku lomwelo osayesa.

Ku Barshi banja la Sudhir linalibe kompyuta. Sudhir anatenga amayi ake ndi azakhali ake n'kupita nawo kumsika, pamalo olipira intaneti. Azimayiwo anavala masari, nsalu zazitali zodzikulunga, atsopano ngati akupita ku mwambo. Tsamba linatseguka pang'onopang'ono. Linayamba dzina la Mrunal, kenako maluwa, ndipo pakati pa maluwa panali potuwa ngati phulusa. Nkhope panalibe.

Mukudziwa nonse kuti nkhata ya maluwa timaikoleka pa chithunzi cha womwalira. Amayi a Sudhir anadzigwira pakamwa.

"Atitumizira chithunzi cha maliro!"

"Ndi kompyuta chabe, mayi," anatero mwini malowo. "Izi n'zakale, zimatero."

"Kompyuta yadziwa bwanji kusiya maluwa n'kuchotsa nkhope? Mulungu wationetsa. Mtsikana ameneyu akalowa m'nyumba mwanga, wina atuluka atamunyamula."

"Amayi, tiyeseko pa kompyuta ina," anadandaula Sudhir.

Anayesa pa makompyuta onse anayi a pamalopo. Onse anaonetsa phulusa.

"Kanayi," anatero azakhali. "Ukufunanso chiyani, mwana iwe?"

Amalume atamva zimenezi n'kumuimbira foni, Omkar anakonza tsambalo m'mphindi khumi. A Pendse anamulembera timizereto. Koma ku Barshi palibe anabwereranso kumsika kukaona.

Amalume anakwera basi atanyamula chithunzi chenicheni cha papepala mu envulopu. Anawalandira bwino, anawapatsa madzi ndi tiyi. Envulopu ija amayi a Sudhir sanaikhudze.

"Achimwene, musakhumudwe. Mwana wanu tilibe naye mlandu. Koma zimene ndinaona ndinaona, sindingazichotse m'maso."

Sudhir anakwatira mkazi wina miyezi itatu isanathe. Nkhani inayenda pakati pa abale, kuchoka ku Barshi mpaka ku Solapur, ndipo pofika kumeneko sinalinso ya kompyuta. Ankangoti ku banja la a Bhalerao kuli mtsikana amene chithunzi chake chimakana kuoneka. Chaka chimenecho palibe banja linabwera, ngakhale chotsatira.

Tsiku lina Omkar anagwada pamaso pa mlongo wake akulira.

"Undimenye, Mrunal. Unditukwane. Usangokhala chete."

Mrunal anamudzutsa n'kumupukuta misozi ndi nsonga ya sari.

"Achimwene, ndinakukhululukirani kalekale. Chimene chimandiwawa n'chimodzi. Ena anayi aja anandiona kaye asanandikane."

Mayi amene anandiuza nkhaniyi akuti Mrunal akadali pakhomo pa makolo ake. Tizimukumbukira m'mapemphero, pamodzi ndi mchimwene wake, amene mpaka lero sanadzikhululukire.

Phunziro: Chooneka bwino pa kompyuta yako sindiye kuti chikaoneka bwino kwa amene ukumutumizira. Yesa ntchito yako pa chipangizo chakale chimene anthu osauka ali nacho, ndipo wamkulu akakuchenjeza, ima kaye umve. Tumizani nkhaniyi kwa mwana wanu kapena mnzanu wogwira ntchito za makompyuta, mwina ipulumutsa mlongo wa wina. Mulungu atichitire chifundo tonse.