Titchipi Khumi Toyamba pa Mpukutu

Panali munthu wina wodzitchula kuti Pang, amene anafika pa kauntala ya Qiu Yanmei mumsika wa zamagetsi ku Shenzhen, m'dziko la China, n'kupempha madzi otentha a tiyi. Yanmei anamuthirira. Akumwa, maso ake anali pa maalamu a utsi amene mtsikanayo ankapangira nyumba ina yosungirako okalamba.

"Achemwali, titchipi toyerekeza magetsi mumagula kuti? Ndili ndi mpukutu wotsala kufakitale. Theka la mtengo."

Katchipi kameneka n'kakang'ono ngati njere ya mpunga. Kamayerekeza mphamvu ziwiri za magetsi, ina ikaposa inzake kamadzutsa alamu. Katchipi kenikeni kamadya moto pang'ono zedi, batire n'kukhala zaka.

Yanmei anachotsa titchipi khumi toyamba pa mpukutuwo n'kuyeza. Tonse tinali bwino.

A Kuang, bambo wachikulire wa kauntala yoyandikana naye, anatsokomola.

"Mwanawe, tambasula mpaka pakati. Wogulitsa malalanje amaika okoma pamwamba."

Pang anaseka. "Madala, nsanje imakalambitsa msanga. Mukaudula pakati makina omatira aukana, ndiye mugula ndinu?"

Yanmei anachita manyazi kukayikira mlendo amene wamwa naye tiyi. Anagula. Sabata isanathe, maalamu mazana anayi anali m'makatoni.

A Kuang sanabwereze mawu. Anangopempha alamu imodzi ya m'katoni yomaliza, ati ya kunyumba kwawo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti katundu apite, anabwera nayo n'kuiika patsogolo pa Yanmei.

"Tadina batani loyesera."

Anadina. Zii. Batire inali itatheratu m'masiku asanu ndi anayi okha. Atayang'ana katchipiko pa galasi lokuza, Yanmei anaona kuti kanali kabodza: zilembo zakale zinapalidwa n'kudindapo zina. Anaimbira Pang, nambala sinkapezekanso.

Yanmei anaganiza za nkhalamba zili m'tulo, utsi ukudzaza chipinda, alamu kudenga ili chete. Anaimba foni kunyumba ya okalamba ija n'kuulula zonse. Anamupatsa masiku atatu oti akonze maalamuwo, koma anamuuziratu kuti ntchito ya nyumba yawo yachiwiri apatsa wina.

Atatembenuka, anapeza a Kuang atakoka kale mpando, mpukutu wawo wa titchipi tenitenti uli pa tebulo, chotenthetsera chomatira titchipi chitayaka.

"Amalume, ndiye kauntala yanu?"

"Chaka chatha ndani ankandiyang'anirira kauntalayo masana aliwonse ndikapita ndi phala kuchipatala kwa mayi akunyumba? Tandipatsira chopanira icho. Ndipo usalirire pamwamba pa mabodi a maalamuwo, achita dzimbiri."

Phunziro: Amene akukusankhira poti uyeze wabisa kanthu pomwe sakufuna uone. Manyazi ofunsa amatha tsiku lomwelo, koma katundu wabodza amakapweteka anthu amene sanagule nawo. Tumizirani aliyense amene amagula zinthu poona zapamwamba zokha.