Chipinda cha Agogo ku Scotland

Ida ankangozungulirazungulira poimika magalimoto pachipatala chomwe ankagwirako ntchito ku South Bend, ku America, foni ili m'manja. Mwana wake Tusekele ankamuonetsa pavidiyo kanyumba katchuthi komwe anachita lendi pachilumba china ku Scotland. Nyanja inali pakhomo penipeni, galu wawo akugubuduzika mumchenga.

"Kuno ngakhale agalu amaloledwa, amayi. Chipinda chanu ndi ichi. Mubwera?"

Mapepala a Ida omuloleza kukhala ku America anali asanatuluke. Ankadziwa kuti akangochoka ku America, sadzaloledwa kubwereranso, ndipo ntchito idzathera pomwepo.

Kenako pafonipo panaonekera kamdzukulu kake, komwe anali asanakanyamulepo. Kanamuyang'anitsitsa, n'kufunsa m'Chingelezi kuti mayi amenewo ndani.

Ida anaima chilili, makiyi a galimoto akumulasa m'chikhatho.

"Tusekele," anatero, "ndiyalire pabedipo. Ndikubwera."