Katoni Yomwe Inamanitsa a Kalekeni Nyimbo za Maliro

Panali munthu wina ku Glasgow, a Kalekeni, amene anayimbitsa nyimbo mumpingo wa Amalawi zaka khumi ndi zisanu. Nthawi imene nyumba zosanjikizana za ku Sighthill, kumene ankakhala, zinkagwetsedwa, mzungu wina wokhala khomo loyandikana anawabweretsera katoni yomata ndi tepi.

"Ndisungireni, ndidzatenga ndikapeza pokhala."

Akazi awo anakana. "Munthuyu dzina lake mukulidziwa? Nanga muli chiyani umo?"

"Akuti ndi zidole za ana," anatero a Kalekeni. Anasamuka nayo kupita ku Shawlands, dera lina la mzindawo, n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Mzunguyo sanaonekenso.

Chaka chatha a Kalekeni anamwalira. Mwana wawo Mapopa ali kalikiliki ndi mapepala a kuchipatala, a Leonard, mkulu wa mpingo, anadzipereka kukalongedza katundu wa malemu. Palibe anawatuma kung'amba tepi. M'katonimo anapeza makaseti a magemu akale a pa TV, a m'ma 1980, ena ali ndi zithunzi za akazi ali maliseche. Dzuwa lisanapendeke, nkhani inali m'mafoni a mpingo wonse.

Mapopa anaitanidwa kubwalo la akulu a mpingo.

"Taonera tonse asanu," anatero a Leonard. "Kamunthu kopanda chovala kakuthamangira mkazi womangidwa. Zonyansa! Bambo ako sitingawayimbire."

Mapopa anawayang'ana mmodzimmodzi. Onsewa anadyapo m'nyumba mwa bambo ake.

"Kwathu kulibe makina oseweretsa zimenezo, ndipo sanakhaleko. Funsani mayi. Inuyo mwaonera pa chiyani?"



"Ndinali nawo akale kunyumba," anatero a Leonard, maso ali pansi.

"Ndiye wosunga katoni yomata ndi wochimwa, koma wosunga makina ndi woweruza?"

"Iwe, ulemu!" anatero a Leonard. "Mlandu suli pa ife pano."

Loweruka Mapopa anaika bambo ake m'manda ndi anthu asanu ndi mmodzi. Kwaya sinabwere, amayi a Mvano sanabwere. Mayi ake anayambitsa nyimbo okha, mawu n'kuwathera ndime yoyamba isanathe, popanda wowalandira.

Patapita sabata Mapopa anakaitanitsa katoniyo kuti akaitaye. A Leonard anakana. Akuti akuisungabe ngati umboni.

Phunziro: Musasunge katundu wa munthu amene simukumudziwa musanaone zili m'kati. Ndipo kholo lanu likamwalira, longedzani nokha katundu wake, chifukwa womwalira sangadziyankhire, ndipo si onse obwera ndi Baibulo amabwera kudzapepesa. Tumizirani ena nkhaniyi, ifike mpaka kwa akulu a mpingo wanu.