Chiuno Pansi pa Lamba

Dzanja la bamboyo linamugwira paphewa ngati mbano. Bafa linali lopanikiza, chitseko chake chotsegukira m'kati, ndipo chithupi cha bamboyo chinali chitatsamira pomwepo. Kukuwa kukanakhala kungotaya mawu. Ana anali kusukulu, anansi onse kuntchito.

Pansi panali poterera ndi sopo. Mayiyo anamva mpweya wotentha pakhosi pake. Bamboyo anang'ung'udza zosamveka, lilime lolemera ngati la munthu wokhuta mowa.

Mayiyo sanali wa misozi yapafupi. Ali mtsikana ankachita masewera ogwetsana a judo, ndipo chimene thupi linaphunzira silichitaya. Mphunzitsi wake ankati munthu wamkulu sanyamulidwa ndi msana. Umamugwira mkono, n'kumukoka mpaka aimire zala za kumapazi. Kenako umatembenuka kumupatsa msana, n'kupinda mawondo kuti chiuno chako chitsike pansi pa lamba wake. Ukangowongola miyendo, mwini wake amauluka yekha paphewa pako n'kukagwa chagada.

Mayiyo anagwira mkono umene unamukanikizawo. Winawo sanaulabadire. Anakoka, anatembenuka, koma phazi linaterereka, bondo n'kugunda ndowa. Kulemera konse kunamutsikira pamsana, mphuno yake n'kukhudza khoma. Anadziwa kuti akangogwa apa, sadzukanso mpaka anthu ataweruka.

"Musandifinye khosi," anatero mayiyo, mano ali gwa.

Anayesanso. Anaponda pouma, pafupi ndi khoma, analowa pansi kwambiri, kenako anawongola miyendo. Mapazi a bamboyo anachoka pansi. Chinatsala ndi chimodzi chokha, chimene ankachidziwa kuposa zonse: kuwerama, kukoka mkono, n'kumuponya pasimenti.

Sanamuponye. Anasuntha naye pang'onopang'ono, anakoka chitseko ndi chala cha phazi, n'kukamukhazika bwinobwino panjinga ya olumala imene inali pakhomo pa bafapo. Anamupukuta sopo kumaso ndi thaulo.

"Mawondo, mayi," anatero bamboyo, amene anali amuna ake, pakamwa popotoka ndi sitiroko. "Mwachedwa kupinda mawondo."

"Mwaterereka ndinu, wolakwa ndine? Samalani, aphunzitsi. Tsiku lina ndidzamaliza zonse zimene munandiphunzitsa."