Makiyi a nyumba ya bwana

"Bambowa agone chipinda chawochawo," anatero mlangizi wa zaumoyo ataima patali. "Ndi korona, mayi."

Lines anangoyang'ana chitenje chimene chinkagawa pawiri nyumba yawo ya ku esiteti. Chipinda chinali chimodzi, anthu anayi.

Lines anawasiyira nyumbayo amuna ake odwalawo, a Kingstone. Iye ndi ana awiri anasamukira m'khitchini ya panja, m'mene chiperoni chinkalowa ngati kwawo. Phala ankalisiya pakhomo, n'kugogoda, n'kubwerera.

"Amake Cathy, mwayamba kundidyetsa ngati galu?" a Kingstone anaseka m'katimo, kenako mpweya unawathera.

M'chiuno mwa Lines munkalira makiyi a nyumba ya manijala, kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba. Eni ake anali atathawira ku Blantyre. Cathy atayamba kutsokomola, Lines anaimbira adona, akazi a manijala, kupempha kachipinda kakuseri koti anawo azigonamo.

"Iyayi Lines, matendawa ndi oopsa. Koma usaiwale kutsekula mawindo. Nyumba yopanda anthu imachita nkhungu."

M'mawa mwake anapita yekha, nakatsekula mawindo a zipinda zonse zisanu ndi chimodzi, kuti zipume bwino.