Sitandi Yosagwedezeka

Chithunzi chinatuluka bwino moti ndinaona ngakhale wotchi imene ndinamugulira Nickson, chibwenzi changa.

Iye ankayesa ndili ku Liwonde, koma ndinali m'mbali mwa damu la Mulunguzi, kudikira katumbu kuti avuuke m'madzi ndimujambule. Kamera yanga ndi yolemera, lenzi yake kutalika ngati mkono, choncho ndinaikhazika pa sitandi yatsopano ya miyendo itatu. Pogula, Nickson ankafuna yopepuka. "Chitsulo chonsechi ukwere nacho phiri? Ine sindidzakunyamulira." Ndinasankha yolemerayo, poti mphepo ya pamwamba pa Zomba imagwedeza chilichonse.

Katumbu atavuuka, ndinamutsatira ndi lenzi mpaka kutsidya. Pansi pa mitengo ya paini, Nickson ankaika sitiroberi m'kamwa mwa Pauline, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi.

Ndinamuimbira. Ndinamuona akuika chala pamilomo ya Pauline.

"Ndili ku ofesi, bebi. Wajambulako kanthu?"

Ndinadula foni. Ndinkafuna chithunzi china chosaoneka bwino, choti ndidzinamize kuti ndi anthu ena. Ndinadina batani uku ndikugunda mwendo wa sitandi ndi bondo.

Nkhope zawo zinatulukanso bwinobwino.