Ndodo ya a Cassimo

Wakabaza anamutsitsa pansi pa mtengo wa mango n'kuloza nyumba. Clementina anamasula ndodo ya miyendo inayi, nasasa fumbi pa chitenje chake cha kapulana. Kuchokera ku Cuamba mpaka ku Mandimba, chapa, minibasi ya kuno, inali itamuthyola msana.

Pakhonde panali bambo wovala jekete. Mlomo wokhotera mbali imodzi. Dzanja lamanja lili pamwendo ngati la wina. Chingwe chogwirira poyenda chinachoka pamzati wa khonde kukafika kuchimbudzi.

"Odi. Ndinu a Cassimo eti? Ine Clementina, wa pa gurupu. A Ismael alipo?"

Bamboyo anayesa kuyankha. Mawu anakanirira pakhosi. Clementina sanawamalizire. Zimenezi anaphunzira kwa Ismael yemweyo.

Gurupu ija inali ya pa Watsapu, pomwe ankaitanana mano ndi mana, ndiye kuti achimwene ndi achemwali. Anaiyambitsa namwino wina wa ku Cuamba, kuti ikhale ya anthu osamalira abale odwala sitiroko, matenda amene kuno amati tirombozi. Lamulo lake linali louma: osamalira okhaokha, kuti azidandaula momasuka popanda odwala kumva. Wodwala wako akamwalira, umatsanzika.

Mayi a Clementina anamwalira mwezi watha. Iye anali asanatsanzike. Atsanzike apite kuti? Anzake a kumsika anasiya kalekale kubwera. M'nyumba munangotsala bedi lopanda munthu ndi foni.

Pa onse, ankadalira Ismael. Ena ankatumiza mauthenga a mawu, kulira, kuseka, nkhuku zikumveka kumbuyo. Ismael ankangolemba. Mochedwa, koma zogwira mtima. Malaya muziyambira dzanja lofooka. Azidya atakhala tsonga, osati chogona. Musamakambe za iye ngati palibe, amamva zonse. Ankati zonsezi wazionera pa mkulu wake Cassimo.

Ndiye Clementina anabwera ndi ndodo ya malemu, komanso ndi pempho. Azibwera Loweruka lililonse kudzathandiza. Kuchapa, kutunga madzi, kuwongola miyendo. Akatero ndi wosamalira ndithu, namwino sangamuchotse.

Anakhala pamkeka. Anadikira. Mthunzi wa mango unasuntha mpaka kumpanda. Pathandala panali mbale imodzi ndi kapu imodzi.

"Mng'ono wanu amakusiyani nokha chonchi?" anafunsa moseka. "Ndikam'neneza. Pa gurupu tonse timati bola a Cassimo, ali ndi munthu."

Bamboyo anayang'ana pansi.

Clementina anawapatsa ndodo ija. Anailandira ndi dzanja lamanzere, n'kuitsindikiza pansi ngati munthu woidziwa kale. Anagwedeza mutu kuthokoza.

Chapa yomaliza sidikira munthu. Clementina anatulutsa foni n'kulemba.

"Mano Ismael, ndafika kalekale. Akulu anu ndawapeza okha. Ndili ndi nkhani yoti tikambirane. Muli kuti?"

M'thumba la jekete munalira foni. Clementina anapukusa mutu. Munthu kupita kutali n'kusiya foni kunyumba.

Koma bamboyo anaitulutsa, naikhazika pabondo. Anawerenga. Kenako anayamba kudina ndi chala chachikulu chakumanzere, chilembo chimodzichimodzi. Mochedwa.

Foni ya Clementina inanjenjemera.

"Ndili pano, mana. Ndilibe mkulu. Chonde musakanene, angandichotse."